Mbiya Ziwiri za Mwandida

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, mitengo ya mango iyi isanabzalidwe, munali mkazi wina woumba mbiya, dzina lake Mwandida. Senderani mbali ino, utsi ukupita uko. Moto wa mbiya sufuna phuma, ndiye poti tikudikira kuti makungwawa anyeke, ndikuuzeni chifukwa chake amayi anu amadinda chala m'kati mwa mbiya iliyonse, ndi chifukwa chake ine, ndi imvi zangazi, mwandiona m'mawa uno ndikusenza makungwa ngati ndalembedwa ganyu.

Mwandidayo ndiye tsinde la mbumba yathu ino. Andikhululukire kumene aliko, ndimutchula dzina ngati mnzanga, pakuti nthawi imeneyo anali akadali mtsikana, atangokwatiwa kumene, alibe ndi mwana yemwe. Anali wamfupi, wamikono yolimba, ndipo makani! Inu mumati makani a mlongo wanu uyu ndi makani? Awa n'ngotsalira m'mbale chabe. Mwandida ukamuuza kuti kunja kwacha, ankayamba watuluka kuti aone yekha.

Mwamuna wake anali Kasinja, wa kwa a Mbewe, mkamwini wochokera kuseri kwa mapiri. Ameneyo ndiye anali ndi pakamwa. Munthu woti akakumana ndi mbuzi panjira aipatsa moni n'kuifunsa za kunyumba. Akadutsa pachitsime, amayi onse ankatsala akugwira nthiti ndi kuseka. Polima ankaimba, posema mpini ankaimba. Mwandida ankamukalipira kuti amasokosa, koma akamva nyimbo ija ikubwera kuchokera kumunda, ankamwetulira yekha chozemba. Ankamukonda mwamunayo, ndipo ankamukonda kwambiri.

Panalinso Kaliwo, mlongo wake wa Mwandida, mwini mbumba. Sanali munthu woipa ayi. Mlongo wakeyo ankamuteteza ngati diso lake. Kungoti Kaliwo anali munthu wa mawu ochepa, ndipo zinthu ziwiri ndizo ankazidziwa bwino: mwambo ndi mowa. Mlamu wake wolongololayo ankangomupirira.

Chaka chimenecho anthu athu anali atangotsika kuphiri, kumene nthaka inali itaguga, n'kudzamanga kuno kuchigwa. Mwandida anasiya mtapo wa amayi ake kuphiri komweko, nayamba kufunafuna dothi latsopano. Analipeza kukhwawa lija mumadutsa popita kusukulu. Dothi lake lokoma m'manja, lofewa ngati chiponde. Anaumba mitsuko, anaumba miphika, anaotcha. Zonse zinatuluka pamoto zamphumphu. Ukagogoda ndi chala, ngwee! Amayi a m'mudzi anatenga akuvina.

Patangopita masiku pang'ono, mphika wina unatuluka katuza pamimba. Katuza kaja kanaphulika, pansi pake kaufa koyera mbee. Mawa lake wina. Mkuja mtsuko wa kwa uje wang'aluka uli chikhalire pakona, wopanda woukhudza. Mbiya za Mwandida, zimene kuphiri sizinkasweka chisawawa, kuno zinkangofumbutuka zokha.

Tsono mwambo wake mukuudziwa, akulu inu. Mkazi akayamba kuumba, iye ndi mwamuna wake amagona padera mpaka mbiya zitachoka pamoto. Onse awiri akhale ozizira. Wina akazemba n'kukatentha kwina, mbiya zimaulula. Mwandida mwambowo ankausunga, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti amausunga. Nanga ngati si iyeyo, watsala ndani? Ndikufunsa inu, watsala ndani? Eya. Manong'onong'o anayambira kuchitsime komwe kuja ankasekako. Omwe aja ankagwira nthiti ndi amene anayamba kunena kuti, "Ifetu tinkaona kale. Mwamuna wanji wosatha moni?"

Chimene chinathetsa zonse ndi mowa. Kaliwo anaitanitsa mowa wokumbukira malemu amayi awo, woyamba pamudzi watsopano, ndipo Mwandida anaumba mbiya yaikulu yofika m'chiuno. Tsiku lomwa litafika, anthu atakhala kale pabwalo, mbiya ija inangoti phwa! Mowa wonse wa amayi awo khuthu, n'kumayenderera m'fumbi, nkhuku zikuuthamangira. Pabwalo panangoti zii. Maso onse anatembenukira kwa Kasinja.

Kaliwo anaitana mlongo wake kuseri kwa nkhokwe.

"Mlongo wanga, ndapirira mokwanira. Amayi akana mowa wawo pamaso pa anthu. Alamuwa atenge khasu lawo ndi mphasa yawo, azipita kwawo."

"Achimwene, mwawagwira ndi yani?"

"Mbiya zawagwira."

"Mbiya zili ndi maso?"

"Iwe Mwandida, usandiyese mnzako. Mwambo sunayambe ndi ine."

Anakangana mpaka mithunzi inatembenuka. Pomaliza Kaliwo, potopa ndi makani aja, anati, "Chabwino. Uotchenso kamodzi. Zikasweka, usadzanditsekerenso njira."

Musaganize kuti Mwandida mtima wake unali m'malo. Pamaso pa mlongo wake anaima nji, koma m'kati munali chikaiko, ndipo chinkamupweteka. Nanga nthabwala za kuchitsime zija sankazimva? Atafika kunyumba anamufunsa mwamuna wake maso ndi maso.

"A Mbewe, ndiuzeni ine ndekha. Kuli kwina kumene mumapita?"

"Nachisale," anatero Kasinja, pakuti ankamuitana ndi mfunda wake, "pakamwa pangapa mpamene pamalowa nyumba iliyonse. Ine mwini wake ndimagona pano. Koma ndilibe mboni. Mboni yanga inali mbiya zanu."

Kuyambira tsiku limenelo nyimbo zinatha. M'mawa uliwonse Kasinja ankalowa m'thengo n'kubwera ndi mtolo wa makungwa ouma, n'kuunjika kuseri kwa nyumba. Mulu unakula, unakula, mpaka unapitirira khonde. Mwandida anamufunsa kuti makungwa onsewa n'ngachiyani, poti kuotcha kwatsala n'kumodzi.

"N'ngoti muzidzaotchera ine nditapita. Mvula ikayamba simudzawapeza ouma."

Ana inu, pamenepo mpamene chikaiko cha Mwandida chinathera. Anayang'ana mulu uja, misozi ili lengelenge, ndipo anakwiya. Anakwiyira mbiya, anakwiyira mudzi, anadzikwiyira yekha kuti anafunsa funso lija. Anatenga dengu n'kuyenda khomo ndi khomo kutola mapale a mbiya zake zonse zosweka, ngakhale aja anali atatayidwa kale kudzala. Amayi ankangoyang'anana, amvekere, "Mwana uja mutu wayamba kusokonekera."

Mwandida anakhala padzuwa, mwala m'manja, n'kumaswa mapale aja limodzilimodzi. Kuswa, kuyang'ana. Kuswa, kuyang'ana. Paliponse pamene panaphulika katuza, pakati pake panali kanthu koyera. Tina tinali titasanduka kale ufa. Koma m'phale lina lochindikala, la pansi pa mbiya ya mowa ija, pamene moto sunalowe kwenikweni, anapeza kamodzi kali kathunthu. Anakatulutsa ndi munga n'kukaika pachikhatho. Kanali kopotana, kosongoka kumapeto, kukula kwake ngati njere ya mapira. Kankhono.

Anathamangira kukhwawa, natapa dothi laiwisi, nalisungunula m'madzi a m'chikho. Pansi pa chikho panatsala tinkhono mbwee, tolimba ngati miyala. Ndipo sitinali nkhono za kumunda zija zimatuluka ndi mvula ayi. Tinali ta mtundu uja umakhala m'madzi. Mwandida mutu unaima. Nkhono za m'madzi zikufuna chiyani pansi pa chigwa chouma, kumene mtsinje uli kutali? Funso limenelo analisunga, yankho lake sanalipeze moyo wake wonse. Koma tsiku limenelo anali ndi funso lina lofunika msanga.

Anaponya tinkhono tingapo pakati pa makala, nakupiza mpaka tinayera. Titazizira anatiika pamwala n'kutilavulira malovu. Tinati psii, tinafufuma, tinasanduka ufa uja womwe. Apo! Ndiye kuti kankhono kakapsa m'kati mwa mbiya kamangokhala phee, kudikira chinyezi. Kakamwa madzi kamatupa, ndipo mbiya imang'aluka.

Anapita nato kwa Kaliwo akuthamanga. Kaliwo anayang'ana pachikhatho paja, nayang'ana mlongo wake.

"Nkhono? Iwe, si iwe womwe umapalira mbiya zako ndi chigoba cha nkhono? Amayi sankapalira nkhono? Lero nkhono zayamba kuswa mbiya chifukwa alamu apanikizika? Ine ndinati uotche. Mbiya ndiyo iyankhule."

Ndipo kunena zoona, Mwandida anali atadziwa mdani wake koma analibe chomugonjetsera. Anayesa kutola tinkhono tija ndi zala. Tsiku lathunthu anayeretsa dothi losakwana n'kamphika ka ndiwo komwe, ndipo atalisungunula kuti aone, tina tinali tikadalimo. Kubwerera ku mtapo wa kuphiri kunali kosatheka, ulendo wake wogonera panjira. Anakhala pansi m'khwawa muja, atagwira tsaya.

Tsono m'khoma la khwawalo, pamwamba pa dothi la mtapo, munkatulukira mapale akale. Onse ankawaona. Ochindikala, okhala ndi mizeremizere pakhosi, maumbidwe oti palibe ankawadziwa. Anthu ankangoti ndi za eni dziko amene anatha kalekale, n'kumadutsa chapatali. Mwandida nayenso ankadutsa. Koma tsiku limenelo anawayang'anitsitsa, ndipo maganizo anamubwerera. Anthu amenewa anakhala pano. Ankaumba. Dothi ankatapa kuti, ngati si pompano? Nanga iwowo amuna awo onse anawathamangitsa?

Anaomba m'manja mwaulemu. "Pepani eni ake, sindikuba. Ndikungofunsa nawo." Anazula phale limodzi n'kuliswa. M'kati mwake dothi lomwe lija, mtundu womwe uja, koma loyera bwino, lopanda kankhono ngakhale kamodzi. Potembenuza chidutswa chinacho, anaona kadzenje m'kati mwake, pamene woumba anakanikiza ndi chala chachikulu dothi likadali lofewa. Anaikapo chala chake. Chinalowa ndendende, ngati anadinda ndi iye dzulo. Thupi lonse linachita tsemwe. Mantha ayi, koma ngati munthu amene wayenda yekha m'thengo nthawi yaitali, ndiye wamva wina akutsokomola patsogolo.

"Mnzanga," anatero, "unkatani nato iwe?"

Anatenga kamtengo n'kuyamba kufukula pambali pa mapale aja. Anapeza phulusa. Anapeza makala. Kenaka kamtengo kanalowa pamalo pena pofumbutuka, ndipo panakhuthuka tinkhono tokhatokha, topanda dothi, tounjikana pamodzi ngati madeya amene munthu wataya atatha kupeta. Tinkhono sitidziunjika tokha. Alipo anatichotsa m'dothi n'kudzatitaya apa, ndipo kuchuluka kwake sikunali kotola ndi zala. Anasefa. Nanga dothi ungalisefe bwanji? Ulisandutse phala. Nanga phala lamadzimadzi amalisefa ndi chiyani m'mudzi wa Achewa?

Mwaseka, mwadziwa kale. Khuntho! Kathumba koluka kaja kokunthira mowa. Ndipo khuntho labwino m'mudzi monse, loluka mothinana, linali la yani? La kunyumba kwa Kaliwo. Mwandida anakalibwereka kwa mlamu wake wamkazi, osanena kuti n'lachiyani.

Ntchito yake inali yofuna madzi ambiri. Mwandida anati, "A Mbewe, manyazi muwasiye m'nyumba. Tengani mtsuko." Kasinja anasenza mtsuko wakale wochokera kuphiri, n'kumapita kuchitsime pakati pa amayi omwe aja ankamunena, kupita n'kubwera, kupita n'kubwera, amuna anzake akumuseka. Mwandida anasungunula dothi m'dzenje, nalikuntha ngati mowa, nalisiya kuti lidikhe, nalitsanulira pathanthwe kuti liume pang'ono. M'khuntho munkatsala tinkhono tokhatokha. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera. "Bwerani mudzaone, kwa Mwandida akufulula mowa wa dothi!" Kaliwo atafika n'kuona khuntho lake lili matope okhaokha, anangotembenuka nabwerera kwawo.

Apa tsono mvetserani, pakuti mpamene pali nzeru ya gogo wanu. Sanaumbe mbiya imodzi. Anaumba ziwiri zofanana, ina ya dothi losefa, ina ya dothi losasefa. M'kati mwa yosefayo anadindamo chala chake chachikulu, monga anachitira mnzake wakale uja. Anaziotcha pamoto umodzi, ndi makungwa omwe aja. Zitazizira anazisenza n'kukazitula pakhonde pa Kaliwo, anthu akuona.

"Achimwene, izi musunge ndinu, muzithiramo madzi ndinu. Woumba ndi mmodzi, moto ndi umodzi, mwamunanso ndi mmodzi yemweyo. Ngati alamu anu ali otentha, zisweka zonse ziwiri, ndipo mphasa yawo ndikawapindira ndine. Koma ikasweka yopanda chala yokha, mundiuze kuti mbiya inayo yakwatiwa ndi yani."

Anayankhula molimba, koma pobwerera kunyumba nkhawa inamugwira. Nanga akanadziwa bwanji kuti khuntho silinaphonye tina? Kamodzi kokha kanali kokwanira kumulanda mwamuna. Masiku amenewo chakudya sichinkalowa. M'mawa uliwonse ankapeza chifukwa chodutsira kwa mlongo wake: lero kukapala moto, mawa kukafunsa nkhuku yosochera, maso ali pakhonde. Mbiya zonse ziwiri zili chiimire. Kasinja naye anali atamanga kale kamtolo kake n'kukapachika kudenga, kuti tsikulo likafika asachedwetse anthu.

Ndiye tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Kaliwo ali pakhonde pake akusenda nzimbe, kumbuyo kwake kunamveka the! Mbiya ina yatuluka tuza. Pofika madzulo inali itang'aluka kuyambira kukamwa mpaka pansi, madzi onse pansi. Kaliwo anapisa dzanja m'kati mwa yotsalayo, napapasa, napeza kadzenje ka chala. Koma munthu uja analinso wa magazi omwewo a makani. Anati, "Tidikire." Anadikira mwezi unatha, wina unatha, mvula inagwa, chinyezi chinalowa m'nyumba zonse. Mbiya ya chala ukaigogoda, ngwee!

Mukuganiza kuti Kaliwo anapepesa? Mwamuonapo mwini mbumba akugwadira mkamwini? Chimene anachita n'chakuti anakhala pansi n'kuluka makhuntho awiri atsopano. Tsiku lina m'mawa anatulukira pakhomo pa mlongo wake, limodzi lili m'manja.

"Mlongo wanga, ili ndi la dothi. Linalo ndi la mowa, usalikhudze." Kenaka anayang'ana kumbali, nakhosomola. "Alamu, kunyumba kuli mowa, tathira m'mbiya ija. Mubwere mudzayambe ndinu kulawa. Ndiponso mudzi wangoti zii masiku ano. Kodi nyimbo zija munaziiwala?"

Kasinja anati, "Alamu, ndinangozimanga m'kamtolo. Ndikamasule?"

Anakamasula. Ndipo makungwa aja anaunjika kuti atsanzikire, anaotchera limodzi ndi mkazi wake mpaka anatha, iye n'kukatolanso ena, n'kukatolanso ena, mpaka anakalamba akusenza makungwa ndi kuimba. Ndiye makungwa mwandiona nawo m'mawa aja, ndikutsata mapazi ake. Chaka chotsatira Mwandida anabereka mwana wamkazi, ndipo mwana ameneyo ndi amene anabala agogo a agogo anga. Mwamva? Kasinja akanapinda mphasa ija, ine kulibe, amayi anu kulibe, inu nonse mwakhala apa kulibe. Tonsefe tinatsala pang'ono kuthamangitsidwa ndi kankhono konga njere ya mapira.

Tinkhono tosefa Mwandida sankatitaya paliponse. Ankakatithira kukhwawa, pambali pa mulu wa mnzake wakale uja, ndipo amayi anu amathira pomwepo mpaka lero. N'chifukwa chake aja ofufuza zakale anabwera chaka chija, a zipewa zazikulu, anakhala nthawi yaitali pamenepo ndi timaburashi tawo. Ine ndinapita kukaonerera, ndipo nditaona kuti nawonso atenga masefa n'kumasefa dothi, ndinaseka ndekha, ndinati awa ndi abale athu. Iwowo ndiwo anatiyankhira funso lija linamusautsa Mwandida. Anati chigwa chonsechi chinali nyanja, munthu asanaponde dziko lino, ndipo tinkhonoto tinkakhala pansi pa nyanjayo mpaka inaphwa, ito n'kusanduka miyala. Anatinso kumaiko ena amapeza mano a shaki, chinsomba cholusa cha m'nyanja yamchere, pamwamba pa phiri. Shakiyo ine sindinamuone, ndikusiyirani inu a sukulu. Koma ndinalakalaka gogo uja akanakhalapo kuti amve za nyanjayo. Akanatsutsa kaye, ndikumudziwa, kenaka akanakondwa.

Mmodzi wa iwo, mayi wakuno kwathu konkuno, amayi anu anamuonetsa phale lija la chala, limene timasunga m'nyumba. Mayiyo anaikapo chala chake. Atafunsidwa kuti woumbayo anali yani, anati dzina lake palibe angalidziwe, kungoti anakhala pano kale kwambiri, makolo athu asanafike. Ife timangomutcha mnzake wa Mwandida.

Ndiye ana inu, mwambo wa kuumba timausunga, sitinautaye. Koma pa mbumba ino pali lamulo limene anatisiyira gogo ameneyu, ndipo ine ndaliona likupulumutsa maukwati ndi maubale. Chinthu chikasweka pakhomo, kaya ndi mbiya, kaya ndi china, sitithamangira kufunsa kuti walakwa ndani. Timayamba tatola mapale, n'kukhala padzuwa, n'kuona chimene chili m'kati. Munthu timamuloza chala pomalizira, pakuti mbiya ina tikhoza kuumba mawa, koma munthu akapinda mphasa n'kupita, amapita ndi ana onse amene akanabadwa.

Onani, moto watsika. Iwe wamakani iwe, tenga ndodo uthandize amayi ako kufukula. Ikazizira ija yaing'onoyo upise dzanja m'kati, upapase mpaka upeze kadzenje, uikepo chala chako. Ukapeza kuti chakwana, usadabwe.